Tsiku Limene Ndinalemba Kuti a Waisoni Ali Bwino

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinasiyira ntchito zaka zanga zisanakwane, ndipo sindinakuyankhenipo bwino. M'chigawo chino ndilemba za anthu awiri, munthu ndi mlamu wake, amene analowa mu utsi umodzi, wina n'kumwalira, wina n'kutsala. Wotsalayo anangotsala pang'ono kupirikitsidwa pamudzi, kusiya mkazi ndi ana anayi, pa mlandu umene sunali wake. Kuti mumvetse mmene ine ndinalowera m'nkhaniyi, ndiyambira pamene ndinayambira ntchito.

Chaka choyamba pa esiteti

Nditamaliza maphunziro a wothandizira dokotala, ndinalembedwa pa kachipatala ka esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Kanali ka zipinda zitatu: chopimira odwala, chosungira mankhwala, ndi china cha mabedi awiri. Bwana wanga woyamba anali a Sisitere Chikopa, mayi wamfupi, wosaseka msanga. Tsiku loyamba anandiyang'ana ndikufunsa wodwala mmodzi mafunso onse amene tinaphunzira, kenako anandiitanira pambali.

"A Magombo, pano si pasukulu," anatero. "Mzere ukafika pa mtengo wa mapeyala uko, kapitawo amabwera kudzatenga anthu ake, odwala ndi osadwala omwe. Fulumirani."

Tinkaona mabala a m'miyendo, olumidwa ndi njoka m'mizere ya tiyi, malungo, ndi chifuwa cha nyengo ya chiperoni. Wantchito aliyense ankabwera ndi kapepala, ndipo pamapeto tinkalembapo chimodzi mwa ziwiri: kuti apume, kapena kuti ali bwino. Zipangizo zinali zoperewera. Mabandeji tinkachapa, kuwiritsa n'kuyanika padenga. Mankhwala a chifuwa akatha tinkasakaniza madzi ofunda ndi mchere kuti munthu azichukucha kukhosi, abwerere ali ndi kanthu.

Panali mwambo umodzi umene ndinaupeza ndipo sunalembedwe m'buku lililonse. Opopera mankhwala m'munda ankalandira kapu ya mkaka akaweruka, ati umatsuka m'chifuwa. Mwambowu unakula mpaka kufika kuchipatala. Aliyense wokoka utsi kapena fumbi loipa tinkamukhazika pa benchi, kum'patsa mkaka, ndipo akamaliza kapu osasanza, n'kuyenda yekha mpaka pageti, ndiye kuti wachira. Ndinafunsa kamodzi.

"Asisitere, kodi mkaka umafika bwanji m'mapapo, poti umatsikira m'mimba?"

"Amene anayambitsa anagona kale, mukawafunse kumeneko," anandiyankha. "Koma tsiku limene mudzam'mane wopopera mkaka wake, mudzaona esiteti yonse itaima."

Sindinafunsenso. Patapita zaka khumi, ndinali ine wophunzitsa ena mwambo womwewo.

Zaka za kudera lakutali, ndi kubwera kufakitale

Anandisamutsira ku kachipatala ka minda ya kumalire a esiteti, njira yopita ku Thekerani, kumene ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Mvula ikagwa galimoto sinkafikako, ndipo odwala kwambiri tinkawakweza pa ngolo ya thirakitala yonyamula masamba. Kumeneko ndinazolowera kugamula ndekha, popanda wofunsa. Ndikuganiza kuti ndi kumenekonso ndinayamba kudzikhulupirira mopitirira.

Kenako anandibweretsa ku kachipatala ka pafupi ndi fakitale kuti ndikhale wamkulu wake. Tinali ndi silinda imodzi ya mpweya wa okosijeni, ndi ambulansi imodzi yokhala ndi bedi limodzi, imene tinkagawana ndi tizipatala tina tiwiri. Woyang'anira antchito anali a Kalinde, munthu waulemu, wolankhula motsitsa mawu. Sanandilamulepo kuti ndibweze wodwala kuntchito. Ankangobwera Lachisanu, kuyang'ana mayina a opuma, n'kupukusa mutu.

"A Magombo, anthu akukukondani kwambiri masiku ano," anandiuza tsiku lina. "Dokotala wokondedwa ndi othyola tiyi amandidetsa nkhawa."

Tinaseka tonse, koma mawuwo ndinawasunga.

Pa anthu onyamula matumba ku shedi yaikulu panali a Waisoni ndi a Lusiyano. A Lusiyano anakwatira mchemwali wa a Waisoni, mayi Edina, ndipo ankakhala chikamwini kumudzi kwa akazi awowo, ku Khonjeni. A Waisoni anali chimunthu chachikulu, wonyamula matumba awiri nthawi imodzi, wokonda nthabwala. A Lusiyano anali woonda, wa chifuwa chosachedwa kubanika, ndipo ankabwera kwa ine chiperoni chilichonse. Nthawi zambiri ankawaperekeza ndi mlamu wawoyo.

"Adokotala, ndabwera nayenso katundu wa achemwali anga," ankatero a Waisoni. "Tinam'tola kumalire atanyowa, mpaka lero sanaume."

"Musawamvere awa," ankayankha a Lusiyano uku akutsokomola. "Anandiumitsa dala theka, kuti ndiziwalimira osathawa."

Chaka cha moto, mvula isanagwe

Feteleza wa tiyi anali atangofika, shedi itadzaza mpaka kudenga. Tsiku lina m'mawa, moto wa tchire wochokera ku mabulugama unadumpha msewu n'kugwira kumbuyo kwa shediyo. Ine ndinaona utsi ndili pakhonde. Sunali wakuda ngati wa nkhuni kapena wa matayala. Unali wofiirira ngati dothi la katondo, ndipo unkayenda chapansipansi. Akapitawo anafuula kuti anthu atulutse matumba moto usanafalikire.

A Lusiyano analowa kawiri. Kachiwiriko anagwa pakhomo, akutsokomola mpaka kusanza. A Waisoni anawanyamula paphewa, kuwasiya pa udzu, n'kubwereranso mkati. Anzawo anandiuza pambuyo pake kuti ena onse atathawa utsi, iwo anapitirizabe kulowa, atamanga malaya kumphuno, mpaka moto unazimitsidwa.

Anafika nawo onse awiri kwa ine. A Lusiyano maso ali psuu, m'chifuwa mukulira ngati mluzu. Ndinawaika pa mpweya, ndinaitanitsa ambulansi, ndipo ndinawatumiza ku chipatala cha boma pamodzi ndi silinda ija. Pa zimenezi sindidziimba mlandu. A Waisoni anakhala pa benchi. Ndinawamvetsera m'chifuwa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo munali mwa zii. Anati kukhosi kukungoyabwa pang'ono, ndi kamutu. Ndinawapatsa mkaka, anaugugudiza.

"Onjezerani ina, adokotala," anatero. "Ya alamu anga ija aisiya, isawonongeke."

Apa ndilembe zoona. Mumtima mwanga munabwera kukayika. Ndinakumbukira mphunzitsi wina akutiuza kuti pali utsi wina wobisala, umene umayamba kuluma munthu atapita kale. Bedi linalipo, lopanda munthu. Koma foni inalira, a Kalinde akufunsa kuti ovulala ndi angati, ndipo ndinayankha kuti mmodzi. A Waisoni nawonso anali ataimirira kale. Foni ya mayi Edina sinkapezeka, ndipo a Waisoniwo ankafuna kupalasa njinga mpaka ku Khonjeni kukawauza kuti amuna awo ali m'chipatala.

"Mundigoneke pano ngati mayi wodikira?" anaseka. "Achemwali anga amve kwa anthu a mumsewu?"

Ndinatenga kapepala kawo, ndinalemba kuti ali bwino, ndinasaina. Ndinawaona akutuluka pageti, akupalasa ataimirira pa chitunda choyamba.

Masiku atatu otsatira

Mawa lake masana anabwera nawo a Waisoni pa njinga yamoto ya kabaza, atawamangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa. Milomo inali itatuwa. Ankapuma mothamanga ngati nkhuku yopirikitsidwa, ndipo pakamwa pankatuluka thovu lofiirira. Nditaika chopimira pachifuwa ndinamva ngati madzi akuyamba kuwira. Silinda yathu inali itabwerako yopanda mpweya. Ndinakwera nawo ndekha mu ambulansi, nditawatsamiritsa pachifuwa panga kuti akhale tsonga. Njira yonse analankhula kamodzi kokha, kufunsa ngati alamu awo ali moyo.

Kuchipatala cha boma anachita zonse zimene akanatha. Tsiku lachitatu madzulo dzuwa lisanalowe, a Waisoni anamwalira. Mabedi anayi kuchokera pamenepo, a Lusiyano anali atayamba kukhala tsonga ndi kumwa phala. Achibale amene anabwera kudzatenga maliro anaona zonse ziwirizi nthawi imodzi.

Sabata yotsatira

Nditapita kukatenga a Lusiyano, ndinapempha kuonana ndi dokotala amene anawasamalira onse awiri. Anali mayi wachichepere, a Dokotala Nyirenda, amene anaphunzira mozama za matenda a m'mapapo. Anaika zithunzi ziwiri za m'chifuwa pawindo. Cha a Lusiyano chinali ndi timitambo pang'ono. Cha a Waisoni chinali choyera mbali zonse ziwiri, ngati munthu wathirapo ufa.

"Ndinawamvetsera ndekha tsiku loyamba," ndinatero. "Munalibe kanthu."

"Simukanamva kanthu," anayankha. "Utsi wa feteleza woyaka sulasa kukhosi kwenikweni. Umatsika mpaka ku timatumba ta mpweya n'kutiwaula. Thupi likazindikira, limatumiza asilikali ake. Asilikaliwo akachuluka, samenya utsi wokha, amaboolanso timitsempha ta magazi, madzi n'kuyamba kudzaza mapapo. Zimatenga maola, mwina tsiku lathunthu. Munthu amamira ali pamtunda."

"Nanga asilikaliwo saona kuti akuwononga kwawo komwe?"

Anakhala pansi n'kundilozera mpando. Anati m'maselo a thupi muli tinthu tating'onoting'ono timene amatitchula kuti maikro-RNA. Sitimanga chilichonse m'thupi. Ntchito yake ndi kugwira mauthenga amene selo likutumiza, kuti ena asafike kumene akupita. Tina timagwira uthenga woitana asilikali, ndipo kutupa kumazizira. Tina timagwira uthenga wowauza kuti aleke, ndipo kutupa kumakula. Mapapo akavulala, tina timachuluka, tina timachepa, ndipo kumene kwalemera ndi kumene nkhondo imapendekera. Anati ofufuza akuyembekeza kuti tsiku lina adzatha kuyeza tinthu timeneti m'magazi tsiku loyamba lomwelo, n'kudziwa amene mapapo ake atupe, kapenanso kupanga mankhwala oziziritsa nkhondoyo. Koma zonsezi akadali kuzifufuza, ngakhale kumayiko akunja.

"Ndiye mwa a Waisoni tinthu toziziritsato tinalephera?"

"Mwina. Sindingathe kukuonetsani. Chimene ndikudziwa n'chakuti chifuwa chofooka chinawatulutsa a Lusiyano msanga, pamene mphamvu zinawasunga a Waisoni mkati nthawi yaitali." Kenako anandiyang'ana. "Munawasunga maola angati?"

"Kapu imodzi ya mkaka."

Dokotalayo anati munthu wokoka utsi wotere amayenera kugona osagwedezeka masiku awiri, akuyang'aniridwa, ngakhale akuseka. Anati sangalonjeze kuti a Waisoni akanachira, koma mpata ukanakhalapo, ndipo kupalasa njinga m'zitunda kunali ngati kukupiza moto.

"Ine ndilemba zimene ndaona m'mapapo," anatero akuchotsa zithunzi zija. "Zina zija mukuzidziwa ndinu."

Pobwerera ndinalemba zonse m'kabuku kanga. Ndiulule kuti pa zonse zimene anandiuza, ndinagwiritsitsa za tinthu tating'ono tija. Tinandipatsa pobisala. Ndinkadziuza kuti imfa inagamulidwa mkati mwa maselo, kumene ine ndi mkaka wanga sitikanafika.

Masabata atatu maliro atachitika

Mayi Edina anabwera kuchipatala Lachinayi m'mawa. Anadikira odwala onse athe, n'kukhala pansi pakhonde, osati pa benchi. Anandiuza kuti abale awo agamula kuti amuna awo achoke pamudzi. Chaka chapitacho a Lusiyano anafuna kubzala tiyi wawo pa munda wa akazi awo, ndipo a Waisoni, monga mlongo woyang'anira mbumba, anakana, ati mkamwini sabzala mbewu yosatha pa nthaka ya eni. Anakangana masiku awiri n'kuiwala. Tsopano anthu anaukumba mkanganowo. Ankati a Lusiyano anakhwima, anasinthanitsa imfa yawo ndi ya mlamu wawo.

"Katundu amanga kale," anatero. "Loweruka akukumana kwa atsibweni. Adokotala, inu munaliko. Ine mchimwene wanga wapita, ndiye atengenso bambo wa ana anga?"

Loweruka m'mawa ndinakwera kabaza. Ndinapeza anthu atakhala pabwalo la a Sapuwa, atsibweni awo a malemu ndi a mayi Edina. Anali mkulu wowerenga, amene anagwirapo ntchito ya pasikelo ya masamba zaka zambiri. Amuna anakhala pa mipando, amayi pa mphasa. Pakati pa amayiwo panali mayi Felesiya, mkazi wa malemu, atavala zakuda. A Lusiyano anakhala okha pa mwala, ataonda kuposa kale. Pambali pawo panali thumba la zovala lomangidwa ndi chingwe, khasu ndi wailesi.

Atandipatsa mpata, ndinaimirira n'kufotokoza zonse monga mmene a Dokotala Nyirenda anandiuzira: za utsi, za asilikali a m'thupi, za madzi odzaza mapapo, ndi za tinthu tating'ono togwira mauthenga. Ndinalankhula mosamala, ndipo anthu anamvetsera mwaulemu. Za bedi lopanda munthu sindinatchule.

A Sapuwa anakanda chibwano.

"Adokotala, tinthu timeneti munationapo?"

"Ayi, sitioneka ndi maso."

"Nanga adokotala aakuluwo anatipeza mwa Waisoni?"

"Ayi. Makina ake kuno kulibe."

"Ndiye mukutiuza kuti muli tinthu tosaoneka. Mwa mkamwini tinagwira ntchito, mwa mwana wathu tinagona." Anatembenukira kwa anthu. "Ifenso tikunena zomwezo. Chimene tikufunsa n'chakuti anatigoneka ndani."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Wina kumbuyo anati, "Mwamva? Ngakhale achipatala akudziwa." Ndinaona kuti ndabwera kudzazima moto koma ndathirapo nkhuni. A Lusiyano anawerama.

Kenako a Sapuwa anatambasula dzanja, ndipo mayi Felesiya anamasula pa mfundo ya chitenje kapepala kopindapinda. Ndinakazindikira kali patali.

"Ife sititsutsana ndi sukulu," anatero a Sapuwa. "Izi ndi zilembo zanu, adokotala. Mwalemba kuti Waisoni ali bwino. Anachoka ku esiteti ali bwino. Anafika pano ndi njinga, akuseka, tonse tinamuona. Analowa m'nyumba ya mkamwiniyu, anamwa madzi m'chikho cha mkamwiniyu, anagona pa mphasa ya mkamwiniyu. Kutacha sanathe kuimirira. Ngati matenda sanachokere kuntchito, monga mwasainira inu, ndiye anawapeza m'nyumba umo. Tikulakwitsa pati?"

Sankalakwitsa powerenga. Umboni wonse wopirikitsira a Lusiyano unali siginecha yanga. Ndinayang'ana ana anayi atakhala pakhonde la nyumba yawo, wamkulu atanyamula wamng'ono. Ndinadziwa kuti ndikhoza kukhala pansi, kunena kuti ndayesetsa, n'kubwerera kuntchito Lolemba popanda wondiloza chala. Ndinaganiza za inu, ana anga, awiri mwa inu mukadali pasukulu. A Sapuwa anayamba kupinda kapepala kaja.

"Kapepalako n'kabodza," ndinatero.

A Sapuwa anasiya kupinda kapepalako.

"A Waisoni sanali bwino pamene ankachoka kwa ine. Matenda anali kale m'chifuwa, kungoti anali asanaonekere. Anafika nawo pano pa njinga, ndipo njingayo inawakulitsa. Munthu wokoka utsi umene uja amayenera kugonekedwa masiku awiri. Ine ndinawapatsa mkaka n'kuwatsegulira geti. Chikho cha a Lusiyano chilibe mlandu."

Mayi Felesiya analankhula koyamba, mawu ali otsika.

"Ndiye munkadziwa?"

"Sindinkadziwa, amayi. Koma ndinakayika."

"Bedi munalibe?"

"Linalipo."

"Munali munthu?"

"Munalibe."

Sanalire. Anangondiyang'ana, kenako anakokera mpango kumaso. Mnyamata wina wa kubanja anaimirira ndi ukali, koma a Sapuwa anam'khazika pansi ndi dzanja.

"Pakamwa pamanena zambiri, adokotala," anatero. "Mwina mwamvera chisoni mkamwini. Choyamba chija munalemba. Ichi mungalembenso?"

Ndinadziwa kumene pepala lotere likathere. Ndinatulutsa cholembera m'thumba la malaya, ndinatembenuza kapepala komwe kaja, ndinatsamiritsa pa bondo. Ndinalemba kuti a Waisoni anachoka pa chipatala changa ali ndi utsi m'mapapo, kuti ndinayenera kuwagoneka ndipo sindinatero, ndi kuti zimene ndinalemba kutsogolo zinali zolakwika. Ndinasaina. A Sapuwa anawerenga mokweza, liwu ndi liwu, kawiri.

Atamaliza analankhula ndi amayi m'Chilomwe, mwachidule. Mayi Edina anaimirira, ananyamula thumba la zovala lija pamutu, khasu kudzanja, n'kulowa nazo m'nyumba. Mwana wamkulu anathamanga kudzatenga wailesi.

"Akamwini," anatero a Sapuwa, "chokanipo pa mwalapo. Mpando uwo."

A Lusiyano anayesa kulankhula koma chifuwa chinawagwira. Anakhala pa mpandowo akutsokomola, misozi ikutsika.

Ndinatsanzika. Kwathu kuno mlendo amaperekezedwa, ngakhale mpaka pa msewu pokha. Tsiku limenelo palibe anaimirira. Ndinayenda ndekha mpaka pa siteji ya kabaza.

Miyezi yotsiriza

Kapepala kaja kanafika ku ofesi sabata isanathe, achibale atapita nako kukadandaula, monga zinali zoyenera. A Kalinde anandiitana, anakaika patebulo pakati pathu.

"A Magombo, anakutumani ndani ku Khonjeni?"

"Palibe, bwana."

"Mukadabwera kwa ine poyamba, tikadaona mochitira."

"N'chifukwa chake sindinabwere."

Sanandichotse ntchito. Anandiuza motsitsa mawu, monga mwa chizolowezi chawo, kuti zingakhale bwino kwa onse nditapuma chaka chisanathe. Ndinavomera. M'miyezi imene inatsalayo ndinagoneka anthu atatu okoka utsi masiku awiri aliyense, akudandaula kuti ali bwino, ndipo palibe anandifunsa za mayina a opuma. Mkaka ndinapitiriza kupereka, chifukwa sulakwa kanthu, koma ankamwera pabedi.

Mayi Felesiya amagulitsa tomato pamsika wa Khonjeni. Ndikadutsapo ndimapereka moni. Sanandiyankhepo, ndipo sindiona chifukwa choti ayankhire.

A Lusiyano tiyi uja sanabzale. Chaka chatha mwana wawo wamkazi woyamba anakwatiwa, ndipo ananditumizira uthenga kawiri kuti ndikakhalepo. Sindinapite, chifukwa ndinadziwa kuti mayi Felesiya akakhala pakati pa ophika, ndipo sindinafune kuwasokonezera tsikulo. Wa kabaza amene anandinyamula sabata yotsatira anandiuza kuti ukwati unayenda bwino, ndi kuti mkwatibwi anatulukira m'nyumba yomwe ija, bambo ake atamugwira dzanja.